Abambo, kufiira kukabweranso kachitatu musathamangire makapisozi

Inu a ku Itepela, Massangulo, Mitande, Mandimba mpaka ku Cuamba, ndi inu a tsidya la malire ku Chiponde ndi ku Namwera, nkhani ya ulendo uno ndi ya abambo. Amayi musatseke tsambali, chifukwa mlandu wa nthenda imeneyi kawirikawiri umagwera inu. Ndipempheretu akuluakulu kuti mundikhululukire. Ndine mwana, ndipo kwathu kuno mwana satchula za kumaso kwa akulu. Pa wailesi zinthu zina timazizungulira chifukwa ana amakhala ali pomwepo pa mphasa, ndiye ndaona kuti pa pepala pano ndi pamene tingauzane mosabisa.

Nthenda imene ndikunena ndi iyi. Mutu wa chida cha abambo umafiira, umayabwa, nthawi zina umatupa ndi kunyezimira ngati wapakidwa mafuta. Pansi pa khungu lakunsonga pamatuluka zoyera ngati chambiko, za fungo, ndipo pokodza kapena pokhala malo amodzi ndi mayi pamawawa ngati pathiridwa tsabola. Ena khungu lija limachita timing'alu kuzungulira kunsonga. A chipatala pa Chipwitikizi amati balanite. Kudwala kamodzi si nkhani yaikulu, abambo ambiri zinawachitikirapo ndipo zinatha. Nkhani yanga ili pa inu amene mumapola mwezi uno, mwezi wamawa zabweranso. Maganizo anga ndi oti munthu wotere asiye kaye kufunsa kuti "wandipatsa ndani?" Ayambe wafunsa kuti m'thupi mwake muli chiyani chimene chikuitana nthendayi. Ndipo choyamba kukayezetsa ndi shuga.

Chaka chatha, nyengo yogulitsa fodya, bambo wina wa zaka za m'ma 50 anandikodola pa msika n'kundikokera kuseri kwa golosale. Dzina ndi mudzi wawo sinditchula, anandilola kufotokoza nkhani yokhayi. Anati, "Mwanawe, iwe umalankhula za umoyo pa wailesi paja, tandiuza mankhwala amphamvu a chindoko, awa ndikumwawa akungondinamiza." Anatulutsa m'thumba la jekete timapepala ta makapisozi, ena ogula ndi meticais, ena ogula ndi makwacha tsidya lija. Kanali kachinayi m'chaka chimodzi. Ulendo wina anatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pamalopo, ndipo anati usiku umenewo sanaone tulo. Kwa sing'anga anapitako, anauzidwa kuti ndi kanyela ndipo amene akuwadwalitsa ali m'nyumba momwemo. Poti iwo ankadziwa kuti sanayendepo kunja kwa banja, mlandu unagwera mayi a kunyumba. Pamene tinkachezapo n'kuti atanyamula kale chikwama chawo kuchoka pa mudzi wa akazi awo, akugona kwa mlongo wawo.

Ndinawayankha kuti, "Bambo, ine mankhwala sindilemba, koma mawa tipitire limodzi kwa a enfermeiro." Anazemba masiku awiri, tsiku lachitatu anabwera okha. A enfermeiro ataona pamalopo anayamba kufunsa mafunso amene bambowo sanawayembekezere. Usiku mumadzuka kangati kukataya madzi? Kasanu. Nanga ludzu? Anati botolo la madzi silichoka pambali pawo ngakhale mu Juni kukuzizira. Lamba wa buluku anali atamubooleranso mabowo awiri. Anawabaya chala, kadontho ka magazi pa kapepala, makina n'kuonetsa shuga wokwera kwambiri. Anawauza kuti abwerenso m'mawa asanadye kanthu, ndipo zinatsimikizika. Chindoko anayeza, panalibe. HIV panalibe. Anawapatsa mafuta opaka a clotrimazol ndi mapiritsi a shuga a metformina. Shuga atayamba kutsika, kufiira kuja kunaleka kubwera. Kubanja anabwerera kudzera kwa ankhoswe, koma mayi aja anali atatchedwa kale dzina loipa pamaso pa abale, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Mwina mukufunsa kuti shuga wa m'magazi akugwirizana bwanji ndi kumaso kwa munthu. Pa khungu lathu, m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche kumakhala kachirombo kotchedwa candida. Ndi ka mtundu wa chuku, m'bale wake wa yisiti wotupitsira mandasi. Anthu ambiri abwinobwino ali nako ndipo sikawavuta chifukwa kamakhala kochepa. Amayi ophika mandasi akudziwa zimene yisiti amafuna kuti afufume: shuga, chinyezi ndi pofunda. Tsono munthu shuga akakwera kwambiri m'magazi, impso zimalephera kumusunga, zimamutayira mu mkodzo. Ndi chifukwa chake nyerere zimaunjirira pamene munthu wotere wakodza. Timadontho ta mkodzo wotsekemerawo timatsalira pansi pa khungu lakunsonga, pamene ndi pofunda kale ndiponso ponyowa. Candida wapeza phwando. Komanso shuga wokwera amafooketsa asilikali a m'thupi olimbana ndi tizirombo. Mungapake mafuta abwino bwanji, mupola sabata ziwiri, koma poti mkodzo ukadali wotsekemera, nthenda ibweranso. Kwa abambo ena, kufiira ndi timing'alu ta khungu lakunsonga ndi chizindikiro choyamba chimene matenda a shuga amaonekera, zizindikiro zina asanaziganizire n'komwe.

Musanene kuti shuga ndi nthenda ya mabwana onenepa a ku Maputo kapena ku Nampula. Bambo ndanena aja ndi mlimi, khasu silichoka m'manja. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 3 anali ndi matenda a shuga. Atabwereza mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti afika pa 7. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa odwalawo, pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 ndiye ankadziwa kuti akudwala. Enawo ankangoyenda nawo, kutopa akuti ndi ntchito ya kumunda, kuonda akuti awalodza, maso akachita chimbuuzi akuti ndi ukalamba.

Tsopano za makapisozi, amene ndi gwero la mkwiyo wanga. Makapisozi amene amagulitsidwa pa misika yathu ya kumalire, oyalidwa padzuwa pafupi ndi mabatire ndi malezala, ambiri ndi monga amoxicilina, tetraciclina ndi doxiciclina. Mankhwala amenewa amapha tizirombo ta mtundu wa bakiteriya. Candida si bakiteriya, choncho kapisozi samukhudza n'komwe. Choipa kwambiri n'chakuti m'thupi muli mabakiteriya abwino amene amapanikiza candida kuti asachuluke, ndipo kapisozi amapha amenewo. Zili ngati kupha amphaka onse pa mudzi chifukwa makoswe avuta m'nkhokwe. Munthu amamwa mankhwala kuti apole, mankhwalawo ndi amene akulimira nthenda munda. Ndipo tsiku limene adzadwale chibayo kapena chinzonono chenicheni, mankhwala aja adzapezeka kuti anazolowerana kale ndi tizirombo, sakugwiranso ntchito.

Ena mwa inu munena kuti, "Koma ine ulendo woyamba ndinamwa ndipo ndinapola." Sindikutsutsa. Nthawi zina kufiiraku kumayambadi ndi bakiteriya. Nthawi zinanso kumatha kokha munthu akapumula masiku angapo ndi kusamba bwino, ulemu n'kupita kwa kapisozi. Koma wogulitsa pa msika sanaone pamalopo, sanayeze kanthu, ndipo sadzakuuzani kuti musagule. Funso ndi lakuti, ngati anakuchizani, bwanji mwabwereranso kwa iye kachitatu?

Palinso china chimene a zaumoyo anandifotokozera ndipo chinandidabwitsa. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mankhwala ena ake, ndipo kudanako kumaonekera malo amodzimodzi nthawi zonse, makamaka pa milomo ndi pa mutu wa chida. Munthu akamwa Bactrim, amene ku chipatala amalemba kuti cotrimoxazol, kapena Fansidar, tetraciclina, ngakhale mapiritsi ena oletsa ululu, pakapita maola ochepa kapena tsiku limodzi kapena awiri pamatuluka banga lozungulira lofiirira, lotentha, mwina n'kuchita thuza. Likapola limasiya chipsera chakuda. Akadzamwanso mankhwala omwewo, banga limadzuka pamalo pomwepo. Taganizani tsono munthu amene wamwa Bactrim chifukwa cha kutsekula m'mimba, banga latuluka, iye akuti ndi chindoko, akukagulanso Bactrim. Choncho kumbukirani bwino zimene munamwa masiku awiri nthenda isanayambe. Inu amene mumalandira cotrimoxazol ku chipatala limodzi ndi ma ARV, mukaona zotere pitani tsiku lomwelo mukawauze kuti aone chochita, ndipo ma ARV musasiye. Ngati milomo yachita zilonda, maso afiira ndipo khungu likusupuka, imeneyo ndi ngozi, musadikire kuti kuche.

Tibwere ku kasambidwe. Apa timalakwa mbali ziwiri. Ena sasamba mokwanira. Pansi pa khungu lakunsonga pamasonkhana zoyera zimene anyamata amazitcha gaga. Si nthenda, thupi limapanga lokha, koma zikakhalitsa zimasanduka chakudya cha tizirombo. Mu Okutobala ndi Novembala zitsime zikaphwa, ndowa imodzi ya banja lonse, munthu amangopukuta kumaso ndi kumapazi. Anyamata a kabaza amakhala pa chishalo kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, thukuta lili chuchuchu, atavala kabudula wa nayiloni wa mpira mkati mwa jinzi. Kumeneko mphepo sifika.

Koma enanso, makamaka amene nthenda yawachititsa manyazi, amasamba mopyola. Amakhula ndi sopo wochapira zovala, sopo waufa, Dettol, mandimu, phulusa, ena mpaka kachasu kapena mankhwala otsukira mano. Khungu la pamenepo ndi lofewa ngati la mkati mwa mlomo. Kodi mungatsuke m'kamwa ndi sopo waufa katatu pa tsiku? Abambo ambiri amene kufiira kumawabwerabwera alibe kachirombo kalikonse, ndi khungu chabe limene lapsa ndi sopo. Akaona kufiira amaonjeza sopo, kufiira n'kuonjezekanso.

Kasambidwe koyenera n'kosavuta ndipo sikafuna ndalama. Kamodzi pa tsiku kokerani khungu m'mbuyo pang'onopang'ono, tsukani ndi madzi oyera okhaokha, ofunda pang'ono ngati alipo, popanda sopo. Kapu imodzi ikwana. Umitsani ndi kansalu koyera mongogunditsa, osakhula, kenaka bwezerani khungu m'malo mwake. Pokodza kokeraninso khungu kuti mkodzo usatsalire mkati. Mukatha kukhala malo amodzi ndi mayi, tsukani chimodzimodzi. Pakakhala kuti patupa kale, sungunulani supuni yaing'ono ya mchere mu theka la lita ya madzi owiritsa amene azizira, muviikemo mphindi zochepa kawiri pa tsiku. Kabudula wamkati akhale wa thonje, wochapidwa, wotsukuluzidwa bwino kuti sopo achoke, ndiponso wouma padzuwa. Abale athu achisilamu ali ndi mwambo wotawasa ndi madzi akataya madzi. Ndi mwambo wabwino umene tonse tingatengere, chongoonjezera ndi kuumitsa musanavale. Alimi, mukagwira tsabola, feteleza kapena mankhwala opopera fodya ndi thonje, sambani m'manja musanapite kukataya madzi.

Mafuta opaka amene a chipatala amapereka akaona kuti ndi candida ndi clotrimazol, kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Malizani masiku amene akuuzani ngakhale kuyabwa kutatha pa tsiku lachitatu. Zikavuta amapereka piritsi lakumwa la fluconazol. Dziwani kuti mafuta amenewa amafooketsa mphira ya kondomu, ndiye ndi bwino kungopumula kaye mpaka mutapola. Chenjerani ndi timachubu ta pa msika timene ena amayeretsera khungu, tokhala ndi betametasona kapena clobetasol. Timaziziritsa kuyabwa msanga, munthu n'kuyesa wapeza mankhwala, koma candida amakula bwino pansi pake ndipo khungu limapyapyala. A chipatala nthawi zina amalemba mafuta a mtundu umenewu pa nthenda zina za khungu, koma amatero ataona ndi maso ndipo amakuuzani tsiku lolekera.

Ndisakunamizeni kuti matenda opatsirana pogonana mulibemo m'nkhaniyi. Alimo, ndipo amene wayenda akudziwa yekha. Mafinya otuluka m'njira ya mkodzo ndi kutentha pokodza zimaloza ku chinzonono. Chilonda chimodzi chosawawa, cholimba m'mbali, chimaloza ku chindoko, ndipo chimenechi ndi chachinyengo chifukwa chimapola chokha pamene nthenda yalowa m'magazi. Timatuza tambiri ta madzi, towawa, timene timaphulika n'kupola kenaka n'kudzabweranso, ndi herpes. Kutupa kwa m'mphechepeche, mabomu aja, nakonso n'kofunika chipatala. Zikakhala izi, mankhwala ake ndi osiyanasiyana. Chindoko kawirikawiri chimachizidwa ndi jakisoni wa penicilina benzatina, ndipo onse awiri mwamuna ndi mkazi ayenera kulandira chithandizo. Mayi akakhala woyembekezera, chindoko chimatha kupha mwana m'mimba. Bambo amene wabisa n'kudzichiza yekha pa msika waika moyo wa mwana wake pa chiswe.

HIV nayonso yezetsani tsiku lomwelo. Kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 anapeza kuti anthu 12.5 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'dziko muno anali ndi kachiromboka. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, candida amabwerabwera, kumaso ngakhalenso m'kamwa. Komanso khungu lofiira ndi long'aluka ndi khomo lotsekula, kachirombo kamalowa kapena kutuluka mosavuta. Kuyezetsa HIV n'kwaulere, ndipo ma ARV nawonso ndi aulere mbali zonse ziwiri za malire.

Koma candida yekha si umboni wa chigololo, ndipo apa ndikupempha ankhoswe ndi mafumu amene mumaweruza milandu ya mabanja kuti mumvetse. Amayi ambiri amadwalapo candida pa moyo wawo: kuyabwa kumaso ndi kutuluka zoyera ngati chambiko, zimene m'midzi timaziika m'gulu la mauka. Zimabwera mayi akakhala ndi pakati, akamwa makapisozi, akakhala ndi shuga, ngakhale kwa mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Mwamuna ndi mkazi okhulupirika angathe kukhala naye onse awiri popanda munthu wachitatu. Pali abambo ena amene amamva kuyabwa ndi kufiira akangotha kukhala malo amodzi ndi akazi awo, n'kutha pakapita tsiku. Kawirikawiri zimenezi zimasonyeza kuti mayi ali ndi candida wofunika mankhwala, basi. Mayi ngati akumva zizindikiro apite nawo ku chipatala, ndipo ngati nayenso zimamubwerabwera ayezetse shuga. Za kudula mauka ndi lezala zija tisiye, zimangoonjeza chilonda pa chilonda. Mlandu wotere ukafika pabwalo, musanagamule funsani kaye ngati awiriwo anapita kukayezetsa.

Nanga mdulidwe? Kuno nkhani imeneyi ndi yofunika kuyenda nayo bwino, chifukwa tikukhala pamodzi Ayao, Amakhuwa ndi Anyanja, ena opita ku jando, ena osapita, ndipo mawu onyozana pa zimenezi tonse tinawamvapo kusukulu. Zoona zake n'zakuti nthendayi imagwira kwambiri abambo osadulidwa, chifukwa khungu lija ndi limene limasunga chinyezi. Kwa munthu amene zamubwerera kambirimbiri, kapena amene khungu lathina moti silibwereranso m'mbuyo, a chipatala amalangiza mdulidwe ndipo ambiri amathana nayo nthendayi. Pali phindu linanso. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, ndipo mu 2007 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza njira imeneyi. Kuchepetsa, osati kuthetsa. Kondomu ikadali ndi ntchito yake.

Komabe mpeni suchiza shuga. Munthu wa shuga wokwera akadulidwa osadziwa, chilonda chimachedwa kupola ndipo chimatha kuchita mafinya, n'chifukwa chake munthu wamkulu ayenera kuyamba wayezetsa, ndipo akadulidwe ku chipatala. Inu odulidwa kale musadzinamize kuti simungadwale. Sopo, mankhwala odana ndi thupi, shuga ndi matenda opatsirana sizisankha. Ndiponso kudula kwa kumudzi kumasiyana manja, ena khungu linatsalako lokwanira kuphimba, ndipo pamenepo m'pofunika kutsuka ngati wina aliyense. Amene sakufuna mdulidwe pa zifukwa zake asakakamizidwe kapena kusekedwa. Madzi oyera tsiku ndi tsiku amakwanira abambo ambiri moyo wawo wonse.

Makolo, mawu awiri okhudza ana. Mwana wamwamuna amabadwa khungu lakunsonga litamatirira, ndipo limamasuka lokha pamene akukula, ena mochedwa mpaka atayandikira kutha msinkhu. Musalikoke mokakamiza pomusambitsa, mumang'amba ndipo chipsera chake ndi chimene chimadzathinitsa. Mwana akafiira kunsonga, mutsukeni ndi madzi okha kunja kwake, musamusiye ndi thewera lonyowa, ndipo ngati akulira pokodza, watupa kapena watentha thupi, mupite naye ku chipatala.

Pali zinthu zina zimene sizidikira tsiku la msika. Khungu likakokeredwa m'mbuyo n'kukanika kubwerera, mutu wa chida n'kuyamba kutupa ndi kuda, limakhala ngati chingwe chomanga pakhosi, magazi sakuyenda. Pezani njinga yamoto usiku womwewo. Chimodzimodzi ngati mkodzo wakanika kutuluka, kapena kutupa kwafalikira ku chida chonse ndi kumachende, thupi likutentha, makamaka kwa munthu wa shuga. Zina sizithamangitsa chotero koma ndi zoopsa mwakachetechete. Khungu likayamba kuyera ndi kulimba ngati chipsera, bowo la mkodzo n'kumachepa, ndi nthenda ya khungu yofunika dotolo. Ndipo chilonda, chotupa kapena banga lofiira limene latha mwezi osasintha ngakhale mukupaka mankhwala, makamaka kwa abambo achikulire, likhoza kukhala khansa. Khansa ya pamenepa siichitika kawirikawiri, koma imakonda amene akhala ndi kutupa kobwerezabwereza ndi khungu lothina kwa zaka. Ikapezeka msanga imachizika. Ikachedwa, madotolo amakakamizika kudula chiwalo. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu ku Cuamba kapena ku Lichinga.

Ndikudziwa chimene chimakubwezani pakhomo la chipatala, si mtunda wokha. Pa mzere pamakhala amayi a sikelo a m'mudzi mwanu, mwina apongozi anu ali pomwepo. M'chipinda mukapeza namwino wamkazi wa msinkhu wa mwana wanu. Bambo aja anandiuza kuti pamene ankamasula lamba analakalaka nthaka itang'ambika. Manyazi amenewa sindiwapeputsa. Koma pa mzere palibe amene amadziwa chimene mwadzera, ndipo a zaumoyo ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi. Mungathe kupempha kuti akuoneni wamwamuna ngati alipo. Chimene simuyenera kuchita ndi kulowa m'chipinda n'kunena kuti mutu ukuwawa, kulandira Panado, n'kubwerera kunyumba ndi nthenda yanu. Ambiri amachita zimenezi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwa akuluakulu a zaumoyo nawonso ndili ndi pempho. Tikuuza abambo kuti akayezetse shuga, ndiye pakhale poyezera. Zimachitika kuti munthu wayenda mtunda wautali pa njinga, wafika, akumuuza kuti timapepala ta makina oyezera shuga tatha. Munthu wotere sabweranso, amadutsira pa msika. Ngati tinakwanitsa kufikitsa zoyezera malungo ndi HIV mpaka ku zipatala zazing'ono za kumidzi, za shuga zisakhale za m'tauni mokha. Ndipo bambo aliyense wobwera ndi kufiira kumeneku kachiwiri ayezedwe shuga ngakhale iye asanapemphe. Inu omvera, mukapeza kuti zoyezera palibe, musataye mtima, funsani tsiku loti mubwerenso kapena chipatala china chimene mungapite.

Akakupezani ndi shuga, si mapeto a moyo. Bambo aja akulima mpaka pano. Anasiya masupuni anayi a shuga mu tiyi, Fanta ndi Frozy amangoziona, thobwa amamwa losathira shuga ndipo pang'ono, nsima anabwerera ku mgaiwa ndi kuchepetsa mitanda, ndiwo zamasamba ndi nyemba zambiri. Mapiritsi amamwa tsiku lililonse, ndipo amakatenga ena asanathe. Shuga sachizika ndi mankhwala a mwezi umodzi, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi mtsitsi womuchotseratu akufuna ndalama zanu za fodya.

Popita kukayezetsa, nyamukani m'mawa musanadye kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. Tengani timapepala ndi timachubu ta mankhwala onse amene mwamwa ndi kupaka, ngakhale a kwa sing'anga, musaope kukalipiridwa. Musapake kanthu tsiku limenelo kuti aone bwino. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, mawu oti munene ndi akuti "açúcar no sangue" kapena "diabetes", ndipo muwauze kuti aka ndi kangati nthendayi ikubwera. Inu amene mumayenda mbali zonse ziwiri za malire, dziwani kuti makina amawerenga mosiyana. Ena amaonetsa manambala ang'onoang'ono, ena akuluakulu. Munthu asanadye, 7 pa makina a mtundu woyamba ndi chimodzimodzi 126 pa makina a mtundu wachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo kupita m'mwamba a chipatala amaganizira matenda a shuga n'kukuitanani kuti adzayezenso. Pemphani kuti akulembereni nambalayo ndi tsiku lake m'buku kapena pa khadi lanu, kuti kulikonse kumene mudzapite, ku Mandimba kapena ku Mangochi, adzaone poyambira.